Svchost.exe

Svchost.exe ndi pulogalamu ya Windows yogwira ntchito mwakachetechete. Imanyamula timapulogalamu tina tofunika, monga ta Windows Update ndi tolumikiza kompyuta ku intaneti. Mukatsegula Task Manager podina Ctrl, Shift ndi Esc nthawi imodzi, mumaipeza yandandalikana kambirimbiri. Kuchulukako si vuto: kuyambira 2017, pa Windows 10 ya kompyuta yokhala ndi RAM yoposa 3.5 GB, timapulogalamu tambiri timapatsidwa svchost yakeyake.

Opanga mavairasi amabisala m'dzinali. Ena amangosinthanitsa kapena kuchotsa zilembo, n'kulemba scvhost.exe kapena svhost.exe, ndipo diso lofulumira silingazindikire. Choncho dzina lokha si umboni, chachikulu ndi pomwe fayiloyo ikukhala. Pa tsamba la Details mu Task Manager, dinani dzinalo ndi batani lakumanja la mausi, musankhe Open file location. Yeniyeni imakhala mu C:\Windows\System32 kapena C:\Windows\SysWOW64. Yopezeka mu Temp, AppData kapena Downloads njokayikitsa kwambiri, iunikeni ndi Microsoft Defender. Process Explorer, pulogalamu yaulere ya Microsoft, imathanso kufufuza fayiloyo pa VirusTotal, webusaiti younika mavairasi.

Musathamangire kutseka svchost yeniyeni, chifukwa ina ikatsekedwa intaneti imaduka kapena kompyuta imazima.