Dzina lomwe mwana amabwera nalo yekha

Pa 8 April 1938 linali Lachisanu. Mwana wamwamuna amene anabadwa tsiku limenelo ku Kumasi, m'dziko lomwe lero ndi Ghana, sanavutitse akuluakulu kumufunira dzina: anali Kofi basi. Poti anali wamapasa, anawonjezerapo Atta. Ameneyo ndiye Kofi Atta Annan, yemwe anadzatsogolera bungwe la United Nations.

Kwa Aakan a ku Ghana, kuphatikizapo Aasante ndi Afante, tsiku lobadwa ndi dzina kale. Amati mzimu wa munthu, umene amautcha kra, umabwera ndi tsiku lake. Wamwamuna wa Loweruka ndi Kwame, ngati Kwame Nkrumah. Wamkazi wa Lachinayi ndi Yaa, ngati Yaa Asantewaa amene anatsogolera nkhondo yolimbana ndi Angerezi mu 1900.

Komabe khanda salitchula dzina msanga. Amayamba alisunga m'chikuta sabata yathunthu, poopa kuti mwina ndi mlendo wongodutsa. Tsiku lachisanu ndi chitatu, m'mamawa, wamkulu wa pabanja amalitenga m'manja, n'kulidonthezera madzi pa lilime, kenako kadontho ka mowa. Apa amakhala akulilangiza kuti likadzakula, madzi lidzati madzi, mowa lidzati mowa, osasakaniza zoona ndi bodza. Apo m'pamene bambo amaperekanso dzina lachiwiri, kawirikawiri la wachibale wolemekezeka.

Masiku obadwawa ali ndi makhalidwe awo. Kwadwo wa Lolemba amati ndi wofatsa, pomwe Kwaku wa Lachitatu ndi wamtopola. Nchifukwa chake kangaude wochenjera wa m'nthano za Aakan ndi Kwaku Ananse. Mu 1954 katswiri Gustav Jahoda anafufuza mabuku a khoti la ana ku Asante, napeza kuti a Kwaku amachulukadi pa milandu kuposa a Kwadwo. Ine ndikuganiza kuti mwana womuuza tsiku ndi tsiku kuti ndi wovuta amangotsatira mawuwo.

Nthawi ya ukapolo, mainawa anatulukira pa malinga a Elmina ndi Cape Coast, ku gombe la Ghana, n'kuwoloka nyanja. Ogula anthu analanda zonse, koma tsiku lobadwa sakanatha kulanda. Ku Jamaica Kwadwo anasanduka Cudjoe, mtsogoleri wa akapolo othawira kumapiri amene anakakamiza Angerezi kuchita naye pangano mu 1739. Ku Berbice, dera lomwe lero lili m'dziko la Guyana, Kofi anasanduka Cuffy, amene anatsogolera kuukira Adatchi mu 1763. Chipilala chake chilipo mumzinda wa Georgetown, ku Guyana.