Nthenda ya Dermatomyositis ndi Khansa ya Machende

Dermatomyositis ndi nthenda yosowa imene imayamba pamene chitetezo cha m'thupi chatembenukira minofu ndi khungu la mwini wake. Minofu ya m'ntchafu, m'chiuno ndi m'mapewa imatupa n'kufooka, kotero kuti wodwala amavutika kudzuka pampando, kukwera masitepe kapena kukweza manja. Pazikope ndi pamfundo za zala pamatuluka zidzolo. Mabuku ambiri amati zidzolozi n'zofiirira, koma pakhungu lakuda zimangooneka ngati madontho oderapo, n'chifukwa chake n'zosavuta kuziphonya.

Madokotala akhala akudziwa kuyambira mu 1916 kuti nthendayi nthawi zina imabwera pamodzi ndi khansa. Kafukufuku wa ku Sweden, Denmark ndi Finland, yemwe anasindikizidwa m'magazini ya The Lancet mu 2001, anapeza kuti mwa odwala 618, anthu 198 anapezeka ndi khansa. Zofala zinali khansa za m'thumba la mazira la amayi, m'mapapo, m'kapamba, m'mimba ndi m'matumbo. Akatswiri amakhulupirira kuti chitetezo chikamalimbana ndi chotupa, chimasokonezeka n'kuyamba kugwiranso minofu yomwe ili ndi mapuloteni ofanana ndi a chotupacho. Chiopsezo chimakhala chachikulu m'chaka choyamba nthendayi itadziwika.

Khansa ya machende siili pamndandanda wa khansa zofalazo, ndipo zomwe zikudziwika zachokera m'malipoti a odwala mmodzimmodzi. Komabe nkhaniyi siyofunika kuipeputsa. Khansayi imakonda amuna a zaka zapakati pa 15 ndi 40, msinkhu umene dokotala saganizira msanga za khansa, ndipo chotupa chake kawirikawiri sichipweteka. Ambiri amachitanso manyazi kutchula za kumaliseche. Choncho mnyamata kapena bambo wopezeka ndi dermatomyositis ayenera kupimidwa machende ndi manja, ndipo pakakhala chokayikitsa aunikidwe ndi makina a ultrasound ndi kuyezedwa magazi pofufuza AFP ndi hCG.

Mwayi wake ndi wakuti khansa imeneyi imachizika. Tchende lodwalalo amalichotsa pa opaleshoni, ndipo ngati yafalikira amapereka mankhwala a cisplatin, omwe Lawrence Einhorn anayamba kuwagwiritsa ntchito pa khansayi ku Indiana, m'dziko la America, mu 1974. Kumene chithandizo chilipo, oposa 90 mwa odwala 100 alionse amachira. Malipoti angapo akusonyeza kuti chotupa chikachotsedwa, minofu imayamba kupezanso mphamvu ndipo zidzolo zimazimirira, ngakhale kuti ambiri amapitiriza kumwa mankhwala ochepetsa kutupa monga prednisolone. Zizindikirozi zikabwereranso, madokotala amafufuza ngati khansayo yayambiranso.