Kanyimbo komwe kamatulutsa ana m'nyumba ku London

Kumapeto kwa Julaye, kwathu kuno tikadali kuwotha moto chifukwa cha chiperoni, masukulu a ku England amatsekera tchuthi cha masabata asanu ndi limodzi. Dzuwa limalowa cha m'ma 9 koloko usiku. M'madera a anthu wamba monga Peckham, Tottenham ndi Barking, kukangotentha masana, pamamveka kanyimbo ka mabelu kuchokera kuseri kwa nyumba. Ana ndiwo amayamba kukamva. Mpira umasiyidwa pomwepo, aliyense liwiro kukakoka chovala cha mayi ake kuti apatsidwe kandalama galimoto isanadutse. Pomwe vani yopakidwa utoto wa pinki ndi woyera ikuima, ana afola kale pa kawindo ka m'mbali, wamng'ono akunyang'amira kuti aone makina akupota ayisikirimu pa koni.

Malonda amenewa ali ndi zaka zoposa 170, ndipo anayamba ndi alendo obwera kudzasaka moyo. Kale ayisikirimu chinali chakudya cha mabwana okhala ndi nyumba zosungira madzi oundana. Yemwe anachitsitsira mumsewu ndi Carlo Gatti, wochokera ku Ticino, chigawo cha Switzerland cholankhula Chitaliyana. Anafika ku London mu 1847, ndipo pofika 1851 anali ndi malo ake pa msika wa Hungerford, pomwe lero pali siteshoni ya Charing Cross, akugulitsa ayisikirimu pa ndalama yomwe mwana wa mmphawi akanatha kuipeza.

Mafiriji kunalibe. Gatti ankayamba wadula madzi oundana pa ngalande ya Regent's Canal nthawi yozizira, koma atakula pa malonda anayamba kuitanitsa ku Norway. Zombo zinkatsitsa zigulumwa zake ku Limehouse, mabwato n'kuzikwezera ku King's Cross, komwe iye anakumbitsa zitsime ziwiri zomangidwa ndi njerwa, chilichonse chotambalala pafupifupi mamita 10. M'menemo madziwo ankakhala miyezi osasungunuka. Zitsimezo zilipobe, pansi pa nyumba yomwe tsopano ndi London Canal Museum, ndipo munthu amatha kusuzumiramo.

Pambuyo pake ntchitoyi inagwera mabanja a Chitaliyana omwe anadzaza ku Clerkenwell, makamaka cha ku Saffron Hill, pafupi ndi tchalitchi chawo cha St Peter's chomwe chinatsegulidwa mu 1863. Ankadzuka mbandakucha, kuwiritsa mkaka ndi shuga, kuthira mu chitini, chitinicho n'kuchizika m'madzi oundana osakaniza ndi mchere, kenaka kutakasa mpaka zitalimba. Kukacha, bambo ankakankha ngolo yake kulowa m'misewu. Amene anaonapo mayi akumanga mafirizesi usiku kuti mawa akagulitse pa geti la sukulu akudziwa kale mtundu wa moyo umenewu.

Chotengera ayisikirimuyo ndicho chinabweretsa mavuto. Kanali kagalasi kotchedwa penny lick, kokhuthala pansi, kokhala ndi kadzenje kakang'ono pamwamba, kotero kuti kayisikirimu kochepa kankaoneka kambiri. Mwana ankanyambita mpaka mbee, n'kubweza. Wogulitsa ankangokaviika m'chidebe cha madzi omwe atha tsiku lonse, kapena kukapukuta ndi kansanza, n'kuthiriramo wotsatira. Mumzinda momwe chifuwa chachikulu chinkapha anthu miyandamiyanda, madokotala anadandaula kwambiri, ndipo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890 akuluakulu a London anakaletsa. Koni yodyedwa ndiyo inapulumutsa malondawo. Agnes Marshall, yemwe anali ndi sukulu yophunzitsa kuphika pa Mortimer Street, anali atalemba kale za koni yotereyi m'buku lake la mu 1888.

Kenaka panabwera makampani. Wall's inali kampani ya masoseji, ndipo malonda ake ankagwa chaka chilichonse nyengo yotentha. Mu 1922 inayamba kupanga ayisikirimu ku fakitale yake ya ku Acton, n'kutumiza amuna ovala yunifolomu pa njinga za matayala atatu zokhala ndi bokosi kutsogolo. Banja lofuna kugula linkaika kakhadi kolembedwa chilembo cha W pa windo kuti wanjinga aime. Pofika 1939 njingazo zinali masauzande, koma nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inazimitsa zonse: mkaka ndi shuga zinasowa, boma linaletsa kupanga ayisikirimu, ndipo njinga zambiri zinatengedwa ndi asilikali.

Vani yomwe ana a lero amaidziwa inabadwa nkhondo itatha. Mu 1958 Dominic Facchino, ataona magalimoto a Mister Softee ku America, anayambitsa Mr Whippy ku Birmingham, ndipo posakhalitsa magalimoto otere anadzaza London. Ayisikirimu wake ndi wofewa chifukwa makina amamupopera mpweya pomwe akumuziziritsa. Akatsomekapo kachokoleti ka Cadbury Flake, ndiye ayisikirimu wotchuka wotchedwa 99. Anthu ambiri kumeneko amakhulupirira kuti Margaret Thatcher, yemwe anadzakhala nduna yaikulu ya Britain, ndiye anatulukira ayisikirimu wofewa. N'zoona kuti asanakhale phungu wa nyumba ya malamulo anagwirapo ntchito ya sayansi ya zakudya ku kampani ya J. Lyons ku Hammersmith, koma ayisikirimu wotere anali akugulitsidwa kale ku America iye asanafike kumeneko. Woyenera kutchulidwa ndi Bryan Whitby wa ku Crewe, yemwe m'zaka za m'ma 1960 anapeza njira yoti injini ya galimoto iziyendetsanso makinawo.

Kanyimbo kaja nako kali ndi malamulo ake, ndipo ndi okhwima. Sikaloledwa kulira isanakwane 12 koloko masana kapena itadutsa 7 koloko madzulo. Kuyambira mu 1982 kankaloledwa masekondi anayi okha. Mu 2013 anawonjezera kufika masekondi 12. Sikalira pafupi ndi chipatala, sukulu ikakhala mkati, kapena nyumba yopemphereramo pa tsiku la mapemphero. Lamulo la makhonsolo a London la mu 1990 limatinso vani yoyendayenda isaime pamalo amodzi kupitirira mphindi 15, ndipo isabwererenso mumsewu womwewo tsiku lomwelo. Choncho mwana akamathamanga mtima uli m'mwamba, salakwa: ikapita yapita mpaka mawa.

Masiku ano mavaniwa achepa kwambiri. Pafupifupi nyumba iliyonse ili ndi firiji, ndipo masitolo akuluakulu amagulitsa bokosi lathunthu pa mtengo wa makoni awiri. Koma ine ndikuona kuti chomwe chapweteka malondawa kuposa zonse n'chakuti ana anachoka mumsewu. Magalimoto achuluka, makolo amaopa, ndipo masewera ambiri asamukira pa foni. Vani imafuna ana omwe ali kale panja, omvana, oitanana mayina. Zimandikhudza kuti m'madera ena kanyimboka ndi kokhako komwe katsala kotha kusonkhanitsa ana a nyumba zoyandikana, a makolo ochokera ku Lagos, Sylhet, Kingston ndi Lilongwe, pa mzere umodzi.

Nzeru ya Whitby ija yasanduka vuto la lero. Kuti ayisikirimu asasungunuke, injini ya dizilo imalira ngakhale galimoto itaima, utsi n'kumatulukira m'munsi, pa msinkhu weniweni wa mphuno ya mwana. London sautenga mopepuka utsi. Mu 2020 khoti lofufuza za imfa linagamula kuti mpweya woipa unathandizira imfa ya mtsikana wa zaka zisanu ndi zinayi wa ku Lewisham yemwe anamwalira mu 2013. Makhonsolo monga Camden ndi Westminster aletsa mavani m'misewu ina, ndipo kuyambira mu Ogasiti 2023 vani yakale yotulutsa utsi wambiri imalipira mapaundi 12.50 tsiku lililonse ikayenda paliponse mu Greater London, pansi pa ndondomeko ya ULEZ.

Kuteteza mapapo a ana n'koyenera, monga kunalili koyenera kuletsa kagalasi kaja. Chondidetsa nkhawa n'chakuti ambiri mwa eni mavani ndi mabanja ang'onoang'ono omwe phindu la chaka chonse amalipeza m'miyezi inayi kapena isanu, mvula ikalola. Kampani ya Whitby Morrison tsopano imapanga makina oyendera magetsi, ndipo m'mapaki ena aika malo olumikizira magetsi kuti injini izizimitsidwa. Koma zonsezi zimafuna ndalama, ndipo khonsolo yomwe ikuletsa dizilo iyenera kuikanso malo oterowo m'madera a anthu osauka, osati m'mapaki a alendo okaona malo okha.