Kazitape, Shushushu Kapena Kapirikoni?

Wophunzira wina wa ku Emmasdale, powerenga mbiri ya East Germany, anakodwa pa mawu amodzi. Buku lake limasiyanitsa antchito a Stasi, bungwe la boma lofufuza nzika mwachinsinsi, omwe mu 1989 analipo pafupifupi 91,000, ndi anthu wamba oposa 170,000 amene ankawapatsira nkhani mobisa. Iye onsewa anawatcha "akazitape", ndipo mfundo ya bukulo inathera pomwepo.

Kazitape ndi munthu wa pantchito, wophunzitsidwa, wolandira malipiro mwezi ukatha. Koma fayilo ya nzika sinkanenepa chifukwa cha iye yekha. Ankaidyetsa ndi mnansi, mnzako wa kuntchito, ngakhale wogona naye nyumba imodzi. Mafayilo a Stasi atatsegulidwa mu 1992, Vera Wollenberger anapeza kuti womuneneza anali mwamuna wake.

Zambia sinali dziko la chikomyunizimu, koma khutu la boma tinalidziwa. Kuyambira 1972 mpaka 1991 chipani chinali chimodzi, UNIP, ndipo malamulo a nthawi ya chipwirikiti, omwe anakhalapo kuyambira 1964, ankalola kutsekera munthu popanda kumuzenga mlandu. Simon Kapwepwe anatsekeredwa motero mu 1972, chipani chake cha UPP chitaletsedwa. Anthu a mu Lusaka sanadikire katswiri wa chilankhulo kuti awapatse dzina la amuna a ku Red Brick, nyumba ya akazitape a boma. Anangoti mashushushu. Mawuwa ukawatchula, mkamwa mumamveka kunong'ona kumene kunali ntchito yawo.

Kapirikoni ndi mawu akale kuposa amenewa. Anachokera ku Capricorn Africa Society, bungwe limene David Stirling anayambitsa mu 1949. Pa nthawi yolimbana ndi chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, ku Northern Rhodesia ndi ku Nyasaland komwe, Mwafrika woganiziridwa kuti amakanena anzake kwa azungu ankatchedwa kapirikoni.

Choncho mawu tili nawo kale. Shushushu akhale wa muofesi, kapirikoni akhale mnansi woneneza, kazitape akhale dzina lokuta ntchito yonseyo. Amene sindigwirizana nawo ndi mawu aulemu aja oti "azachitetezo". M'menemo mumalowa msilikali, wapolisi ndi mlonda wa pageti, moti wosunga fayilo yako amabisala bwinobwino pakati pa anthu osalakwa.

Mawu oti fayilo nawonso tisawathamangitse. Ena amafuna "kaundula" poti ndi mawu athuathu, koma kaundula amalemba aliyense mofanana, monga wa ovota. Fayilo imasankha munthu mmodzi, n'kumamusonkhanitsira zolankhula zake, alendo ake ndi makalata ake.

Olemba mabuku a Chinyanja a kusukulu amanyansidwa ndi mawu a mumsewu, amati ndi Chinyanja cha m'tauni. Komatu mbiri ya chipani chimodzi inasungidwa m'Chinyanja cha m'taunicho, pamene boma linkalemba zake m'Chingerezi. Ngakhale lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza zimene boma likusunga, limene linasainidwa mu December 2023, lili m'Chingerezi. Gogo wa ku Kabwata amene mwamuna wake anatengedwa usiku angalifunse bwanji boma m'chilankhulo chimene sachidziwa?

Inu olemba madikishonale ndi mabuku a mbiri, lowetsani shushushu ndi kapirikoni m'mabuku anu, ndipo lamulo la 2023 limasuliridwe m'zilankhulo zisanu ndi ziwiri zimene boma limazivomereza.