Mmene Akatswiri Anaphunzirira Kusefa Matope a Suweji

Mu 1856, injiniya wa ku France, Henry Darcy, akukonza za madzi a mzinda wa Dijon, anadutsitsa madzi mu mchenga napeza lamulo losavuta: mphamvu yokankha madzi ikawirikiza, madzi otuluka nawonso amawirikiza. Lamuloli linkagwira chifukwa mchenga sufinyika, timipata take timakhala momwemo. Kozeny mu 1927 ndi Carman mu 1937 anaonetsa mmene kukula kwa tinjere ndi timipatato kumalamulira liwiro la madzi.

Matope a suweji sanamvere masamu amenewa. Chiyambire 1914, pamene Ardern ndi Lockett a ku Manchester analengeza njira yoyeretsera madzi a suweji ndi tizilombo tosaoneka ndi maso, mizinda inayamba kutsala ndi matope ambiri ofewa, odzaza madzi. Powasefa, amaunjikana pansalu yosefera n'kupanga chibuma, ndipo chibumacho chimasanduka sefa yachiwiri. Vuto lili apa: madzi akamadutsa amakoka tinjere, chibuma n'kumafinyika, timipata n'kumatsekeka.

M'zaka za m'ma 1930, B. F. Ruth wa ku America analemba masamu oyezera kukanika kwa chibuma chonse ndi nambala imodzi, ndipo Coackley ndi Jones anawagwiritsa ntchito pa matope a suweji mu 1956. Koma nambala imodzi inkabisa zambiri. Karl Terzaghi, katswiri wa dothi, anali atafotokoza kale m'ma 1920 kuti katundu wopsinja dothi lonyowa amagawanika: wina amasenzedwa ndi madzi, wina ndi tinjere. Frank Tiller wa ku Houston ndi Mompei Shirato wa ku Nagoya anatsata ganizoli. Anaonetsa kuti chibuma sichifanana paliponse: pafupi ndi nsalu chimatsendereka kwambiri, pamwamba chikadali phala. Shirato anasinthanso lamulo la Darcy powerengera kuti tinjere natonso timayenda.

Zotsatira zake zinali zodabwitsa. M'matope ofinyika kwambiri, pansalu pamapangika kakhungu kolimba kamene kamameza pafupifupi mphamvu yonse. Kuwonjezera mphamvu kumangolimbitsa kakhunguko, madzi osachuluka.

N'chifukwa chake masiku ano osefa matope sayambira pa mphamvu. Amathiramo mankhwala omanga tinjere pamodzi, amayala chibuma chopyapyala, ndipo makina a malamba amafinya pang'onopang'ono, mphamvu yaikulu n'kubwera kumapeto madzi ambiri atachoka kale.