Chikho amachisosera bwalo lili zii

Kumpoto chakum'mawa kwa chigawo cha Ohio, m'dziko la America, kuli katauni kotchedwa Massillon, m'mbali mwa mtsinje wa Tuscarawas. Anthu ake ndi ongopitirira pang'ono 32,000, koma bwalo la mpira la sukulu ya sekondale ya kumeneko limalowa anthu oposa 16,000. Kwa zaka zambirimbiri, mwana wamwamuna akabadwa m'tauniyi, akuluakulu a gulu la masapota ankafika kuchipatala n'kumuikira kampira kakang'ono pambali, khanda lisanadziwe n'komwe nkhope ya mayi wake. Mphatso yotere ndi ngongole. Mwanayo adzaibweza akadzakula, ndipo adzaibweza ndi thupi lake.

Tisapitirire tisanagwirizane chimodzi, awerengi. Mpira womwe tikunena pano si wamiyendo uja tidauzolowera. Uwu ndi wa Chimereka: mpira wake ndi wosongoka uku ndi uku ngati papaya, amaunyamula m'manja n'kumathamanga nawo, kapena kuponyerana. Mbali iliyonse kumakhala anyamata 11. Timu imapatsidwa mipata inayi yoti isunthe mpira mayadi 10, omwe ndi mamita 9 ndi pang'ono, ndipo ikaufikitsa kumapeto kwa bwalo imapeza mapointi 6. Amene alibe mpira ntchito yawo ndi kugwetsa amene ali nawo. Nchifukwa chake amavala zisoti zolimba ndi zotchinga m'mapewa, chifukwa kugundana kwake n'kwa nkhosa zamphongo.

Nyengo ya mpirawu m'masukulu ndi yaifupi zedi. Imayamba kumapeto kwa Ogasiti, masewero okhazikika ndi 10 okha, ambiri amaseweredwa Lachisanu usiku, ndipo pofika Novembala matimu ambiri amakhala atapachika zisoti. Yotsalayo ndi miyezi pafupifupi 9 yomwe bwalo limakhala lili zii. Mlimi aliyense amadziwa kuti nkhokwe sidzadza pa tsiku lokolola, imadzadza pa tsiku losoka makasu ndi kusosa. Mbiri ya Massillon ili m'miyezi 9 imeneyi, ndipo munthu amene adaipatsa ntchito miyeziyi ndi Paul Brown.

Brown adabadwa mu 1908 ku Norwalk, ku Ohio komweko, ndipo banja lake lidasamukira ku Massillon iye ali ndi zaka 9. Bambo ake ankagwira ntchito ku kampani ya sitima zapamtunda. Tauniyi panthawiyo inkanunkha utsi wa mafakitale osungunula zitsulo, ndipo mpira udali utalowa kale m'magazi a anthu. Sukulu ya Massillon ndi ya tauni yoyandikana nayo ya Canton, mtunda wa makilomita 13 okha, zidayamba kulimbana mu 1894, ndipo ku Canton komweko ndi komwe kudabadwira mu 1920 bungwe lomwe lidadzakhala NFL, ligi yaikulu ya akatswiri olipidwa. Brown adali kamnyamata kochepa thupi, komabe adasewerera sukulu yakwawo pansi pa kochi Dave Stewart. Atapita ku yunivesite ya Ohio State adamuona kuti wachepa, ndiye adasamukira ku Miami University ya ku Oxford, Ohio, komwe adapeza malo m'timu. Ataphunzitsa zaka ziwiri pa sukulu ya Severn ku Maryland, kwawo adamuitana mu 1932. Adali ndi zaka 24 zokha.

Adapeza zinthu zitavuta paliponse. Chuma cha America chidali chitagwa kuyambira mu 1929, azibambo ambiri adali pa ulova, ndipo timu ya sukulu, yomwe amaitcha Tigers, kunena kuti akambuku, idali italowa pansi chichokereni Stewart. Chaka choyamba Brown adapambana masewero 5, kugonja 4 ndi kufanana mphamvu kamodzi. Choipitsitsa kwa anthu a ku Massillon n'chakuti zaka zitatu zotsatizana, 1932, 1933 ndi 1934, adagonja kwa Canton McKinley. Kumeneko ukhoza kupambana ena onse, koma ukagonja kwa Canton ndiye kuti chaka chonse walimira mbalame.

Zimene adachita Brown sizidali zamatsenga. Adayamba ndi mwambo. Kuchedwa ku zokonzekera udali mlandu, kwa osewera ndi kwa omuthandiza omwe, ndipo pa nthawi ya masewero mnyamata amene sali m'bwalo sankaloledwa kukhala pansi, ankaonerera chiimirire. Kenaka adaulowetsa mpira m'kalasi. Njira zonse za kaseweredwe zinkalembedwa m'buku, mnyamata aliyense ankayenera kuziloweza, ndipo ankalemba mayeso ngati a masamu. Adaonanso kuti kuongola mtengo mpoyamba: adakonza zoti masukulu a ana ocheperapo a m'tauniyo aziphunzitsa njira zomwezo, mayina omwewo, kaimidwe komweko, kuti mnyamata akamafika ku sekondale akhale atazidya kale kwa zaka zingapo. Apa ndi pomwe mpira udasiya kukhala sewero la miyezi itatu n'kusanduka ntchito ya chaka chonse, ndiponso ya ubwana wonse.

Panali vuto lina lomwe buku silikadathetsa: njala. Ena mwa anyamatawo ankachokera m'nyumba momwe moto sunkayaka tsiku lililonse. Mu 1934 mudakhazikitsidwa gulu la masapota la Booster Club, ndipo ina mwa ntchito zake zoyamba idali kuonetsetsa kuti osewera akudya. Ndi gulu lomweli lomwe pambuyo pake lidatchuka ndi timipira ta makanda tija. Tikamadzudzula misala ya mpira ya tauniyi tisaiwale kuti pachiyambi, kwa mwana wa munthu wosauka, kulowa m'timu kunkatanthauza mbale ya chakudya.

Zokolola zidabwera. Kuyambira 1935 mpaka 1940 Massillon idatchulidwa kuti ndi akatswiri a Ohio zaka 6 zotsatizana. Mu 1940 timuyi idapeza mapointi 477 m'nyengo yonse, adani ake onse pamodzi adapeza 6. Pa zaka 9 zomwe adakhala pa sukuluyi, Brown adapambana masewero 80, kugonja 8 ndi kufanana mphamvu kawiri. Anthu adachuluka mpaka bwalo lakale lidachepa, ndipo mu 1939 adatsegula latsopano lomwe lidamangidwa ndi thandizo la WPA, ndondomeko ya boma la Franklin Roosevelt yopezera ntchito malova. Komatu m'zaka zomwezi, usiku wa pa 11 Julaye 1937, apolisi adaombera anthu onyanyala ntchito a kampani ya zitsulo ya Republic Steel mu Massillon momwemo, ndipo ena adafa. Tauni yomwe idagawikana chotere pakati pa sabata inkakhala pa benchi imodzi pa tsiku la mpira. Kaya kumeneku tikutche kuchiritsa bala, kaya kuliphimba ndi nsanza, awerengi muweruze nokha.

Chinanso choyenera kumuyamikira Brown n'chakuti sankayang'ana khungu. M'zaka zomwe tsankho lidali poyerayera, mnyamata wakuda monga Horace Gillom adasewera ndi kutchuka pa Massillon. Brown atachoka mu 1941 adakapambanitsa Ohio State, yunivesite yomwe idamukana ija, chikho cha dziko lonse mu 1942, ndipo mu 1946 ali ku Cleveland Browns adalemba Bill Willis ndi Marion Motley, awiri mwa akuda oyamba kubwerera mu mpira wolipidwa patatha zaka zoposa 10 khomo lili chitsekere. Motley ameneyu adali mwana wa Canton McKinley, mdani wakale uja. Brown adadzayambitsanso timu ya Cincinnati Bengals, yomwe idayamba kusewera mu 1968. Bwalo la ku Massillon lidapatsidwa dzina lake mu 1976, ndipo atamwalira mu 1991 adakamuika m'manda ku Massillon komweko.

Koma miyezi 9 ija sidakhale momwe adaisiyira. M'nthawi ya Brown makochi ambiri ankakhulupirira kuti kunyamula zitsulo kumaumitsa minofu ndipo kumachedwetsa liwiro. Maganizo amenewa adayamba kugwa kutali ndi Ohio, ku Baton Rouge m'chigawo cha Louisiana, komwe mkulu wina wotchedwa Alvin Roy adaloledwa kunyamulitsa zitsulo anyamata a sekondale ya Istrouma. Mu 1955 timuyo sidagonje n'kamodzi komwe ndipo idatenga chikho cha chigawo, ndipo m'modzi mwa anyamatawo, Billy Cannon, adadzalandira mphotho ya Heisman mu 1959 ngati wosewera wopambana onse m'mayunivesite. Makochi adaona, adatengera. Pofika m'ma 1970 ndi 1980 chipinda cha zitsulo chidali chitasanduka mtima wa timu ya sekondale. Kalendala yake idakhazikika: m'miyezi yozizira kwambiri, chipale chili mbuu panja, anyamata ali m'kati kunyamula zitsulo, nyengo ikayamba kufunda, liwiro ndi mafizo, tchuthi chachitali cha Juni ndi Julaye, anzawo ali pa ganyu kapena kosambira, iwo ali pa bwalo m'mamawa, kenaka Ogasiti, mwezi woopsa, momwe mwambo wakale udali kukonzekera kawiri pa tsiku dzuwa lili phwee, zisoti zili kumutu.

Ku Massillon zimenezi zidachitika pomwe mafakitale a zitsulo ankatsekedwa limodzilimodzi. Agogo ankasungunula chitsulo n'kumalipidwa, adzukulu adayamba kunyamula chitsulo mwaulere, n'chiyembekezo choti yunivesite ina idzawaona n'kuwalipirira sukulu. Filimu ya Go Tigers!, yomwe Kenneth Carlson adatulutsa mu 2001 potsatira nyengo ya 1999, idaonetsa mtolo womwe anawa ankasenza. Masukulu a m'tauniyo adali pa mavuto a ndalama, anthu ankayenera kuvota ngati avomere msonkho woonjezera, ndipo anyamata a zaka 17 ndi 18 ankamva kuti ntchito za aphunzitsi awo zili m'manja mwawo: timu ikapambana, anthu avota mokondwa. Filimuyo idaonetsanso chizolowezi cha makolo ena chobwerezetsa mwana kalasi asanalowe sekondale, osati chifukwa walephera ayi, koma kuti adzakhale wamkulu thupi kuposa anzake. Eti mwana wanzeru kubwereza kalasi chifukwa cha mapewa!

Mtengo wina udali wa moyo weniweni. Kwa zaka zambiri makochi ambiri ku America ankamana osewera madzi pa zokonzekera, ati kuwalimbitsa mtima. Thupi la munthu likatentha kupyola madigiri 40 ndipo osalizizitsa msanga, ubongo, impso ndi chiwindi zimayamba kufooka. Pa 1 Ogasiti 2001 Korey Stringer, mwana wa ku Warren ku Ohio yemwe ankasewerera Minnesota Vikings, adamwalira ndi kutentha kotereku atachoka pa zokonzekera, ali ndi zaka 27. Mu Ogasiti 2008 mnyamata wa zaka 15 adagwa pa bwalo la sekondale ina ku Louisville, Kentucky, n'kumwalira patapita masiku atatu. Kochi wake adazengedwa mlandu, chinthu chachilendo kwambiri, ndipo mu 2009 khoti lidamupeza wosalakwa. Chaka chomwecho bungwe la akatswiri osamalira osewera la NATA lidatulutsa malangizo a masukulu a sekondale: masiku 14 ozolowetsa thupi kutentha, masiku 5 oyamba kukonzekera kamodzi kokha pa tsiku, ndipo masiku awiri oyambirira kuvala chisoti chokha popanda zolemera zina. Zigawo zidayamba kuwatsata chimodzichimodzi. Nzeru yoti mwana wotopa apatsidwe madzi ndi mthunzi idadikira maliro kuti ilembedwe.

Ndiye ngongole ya kampira kaja imabwezedwa bwanji? Ku America anyamata pafupifupi miliyoni imodzi amasewera mpirawu m'masekondale chaka chilichonse. Mwa 100 alionse, osakwana 10 ndiwo amapitiriza ku koleji, ndipo mwa amenewo ndi ochepetsetsa amene amafika ku NFL. Otsalawo amavula chisoti ali ndi zaka 18 osadzachivalanso. Ena amatuluka ndi bondo lolira nyengo yozizira ikafika. Ambiri amatulukanso ndi zinthu zomwe sitingazinyoze: kudzuka m'mamawa popanda wokudzutsa, kusunga nthawi, kudziwa kuti mnzako akudalira iwe, ndiponso kochi yemwe kwa ana ena ndiye bambo yekhayo amene adawafunsapo ngati adya.

Massillon yokha idadikira nthawi yaitali. Zikho zake 24 zakale, chomaliza cha mu 1970, zidali zochita kusankhidwa poona momwe matimu achitira m'nyengo yonse. Ohio itayambitsa mpikisano wa chipulula mu 1972, akambuku aja adafika mu ndime yomaliza ka 6, mu 1980, 1982, 2005, 2018, 2019 ndi 2020, n'kugonja konseko, ngakhale kuti mu 2008 adawamangira chinyumba chachikulu chokhala ndi bwalo m'kati kuti chipale chisamaimitse zokonzekera. Adani awo ankawaseka kuti ndi akatswiri a papepala. Mu 2023, pansi pa kochi Nate Moore, adapambana masewero onse 16, ndipo lomaliza adagonjetsa Archbishop Hoban ya ku Akron ndi mapointi 7 kwa 2. Bwalo lomwe adalandirirapo chikhocho lili ku Canton, kwa adani awo a kuyambira 1894.

Usiku umenewo tauni idavina patatha zaka 53. Amene ankamaliza sukulu adavula zisoti komaliza. Kwa ang'ono awo, omwe ambiri adalandira kampira ali khanda, miyezi 9 ina idali itayamba kale kuwerengedwa, ndipo chipinda cha zitsulo chinkawadikira.