Rochester: Kuchoka ku Magalasi a Maso Kufika ku Laser

Mbiri ya sayansi ya kuwala mumzinda wa Rochester, m'chigawo cha New York ku America, idayambira m'kasitolo ka magalasi a maso. John Jacob Bausch, wochokera ku Germany, adatsegula kasitoloko mu 1853, ndipo mnzake Henry Lomb adamubwereka ndalama n'kulowa naye m'malondawo. Kampani yawo, Bausch & Lomb, idakula mpaka kuyamba kupanga maikulosikopu. Mu 1888 George Eastman naye adayamba kugulitsa kamera ya Kodak mumzinda womwewo, motero Rochester idadzaza ndi amisiri odziwa kupera ndi kusalaza magalasi.

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse idaonetsa kuti luso la manja palokha silokwanira. Magalasi abwino ankachokera ku Germany, ndipo njira itatsekeka, America idasowa pogwira. Pofuna akatswiri akeake, makampani a Bausch & Lomb ndi Kodak adathandiza yunivesite ya Rochester kukhazikitsa Institute of Optics mu 1929, sukulu yoyamba ya maphunziro a kuwala m'dzikomo. Mbiri ya mzindawu idakopa akadaulo a fizikisi monga Emil Wolf, amene adafika pa yunivesiteyo mu 1959.

Theodore Maiman atapanga laser yoyamba ku California mu 1960, padabuka funso lalikulu: kodi kuwala kungatenthe chinthu mpaka kufanana ndi m'kati mwa dzuwa? Kuwala kwamphamvu kukagunda chinthu, maelekitironi amasomphoka pa maatomu ndipo chinthucho chimasanduka mpweya wotentha kwambiri wotchedwa plasma. Plasma ya haidrojeni ikapanikizidwa mokwanira, mitima ya maatomu imalumikizana n'kutulutsa mphamvu yochuluka. Kuti afufuze zimenezi, Moshe Lubin adayambitsa Laboratory for Laser Energetics pa yunivesiteyo mu 1970. Makina ake aakulu, OMEGA, adayamba ndi mizere 24 ya kuwala mu 1980, ndipo mu 1995 idafika 60. Mizere yonseyo imagunda nthawi imodzi, kuchokera mbali zonse, kampira kakang'ono ngati njere ya mapira. Kumeneko ndi kumenenso adakonza njira yosandutsira kuwala kwa infrared kukhala kwa ultraviolet, komwe plasma imakuyamwa bwino.

Chopinga chachikulu chinali chakuti kuwala kukakula mphamvu mopitirira, kunkawononga magalasi a makina okukulitsawo. Mu 1985 Donna Strickland, wophunzira wochokera ku Canada, ndi mphunzitsi wake Gérard Mourou wa ku France adapeza yankho pa labotaleyo. Adayamba ndi kutalikitsa kuthwanima kwa laser poudutsa mu ulusi wagalasi wautali makilomita 1.4 kuti ukali wake uchepe, kenaka adakukulitsa mphamvu popanda kuswa chilichonse, n'kumaliza ndi kukufupikitsanso. Mphamvu yonse idaunjikana m'kanthawi kochepetsetsa. Njirayi ndiyo imathandiza madokotala pochita opaleshoni yokonza maso, ndipo idapezetsa awiriwa mphotho ya Nobel mu 2018, imene adagawana ndi Arthur Ashkin. Strickland adakhala mkazi wachitatu kulandira mphothoyi m'fizikisi, kutsatira Marie Curie ndi Maria Goeppert Mayer.

Mu 2008 labotaleyo idawonjezera makina a OMEGA EP, ogwiritsa ntchito njira yomweyo ya 1985. Lero ofufuza ochokera m'mayunivesite ambiri amapita ku Rochester kukayesa mmene zinthu zimakhalira pa kutentha ndi kupanikizika kwa m'kati mwa nyenyezi ndi mapulaneti.